Duwa la Misomali Itatu

Dzinalo analemba ndi Karen. Mayi ake, Dyness, ankangofinya magalagadeya, kuthira shuga n'kuziziritsa, basi. Koma mwana akafika giredi 11 amaona ngati botolo lopanda chizungu lili maliseche, ndiye anakadinditsa timapepala ku tauni: Passion Fruit Juice. Dyness anamata, n'kukandandalika mabotolo pa tebulo lake pa siteshoni ya mabasi ku Chawama.

Sabata isanathe makondakitala anali atamutcha dzina. "Ba Passion! Tipaseniko ija yamphamvu, lelo kunyumba kuli nchito!" Ankaseka mpaka kumenya basi ndi zikhatho. Dyness ankaseka nawo, wosadziwa kuti akudziseka yekha.

Mu komboni nkhani sigona panjira. Lachiwiri anatulukira a Sophia, atcheya a chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, ndipo mpando anaukana.

"Ba Dyness, tamvela kuti mugulisa mankwala ya bamuna. Zina yeka ikamba. Pa Sondo simuzavekewa bulauzi. Chosani vipepa, mukapepese pa Chinayi pamenso pa bazimai, kapena chaka chamawa tingaganizepo."

Zaka ziwiri, anthu inu! Zaka ziwiri Dyness akusesa tchalitchi, kuloweza mavesi, kutsuka mapoto pamaliro a anthu osawadziwa n'komwe, kuti Lamlungu limeneli avekedwe bulauzi yoyera. Inali itasokedwa kale, ikulendewera kuseri kwa chitseko mu pulasitiki. Mtima unamuwawa, koma anati kupepesa ayi. Wopepesa ndiye kuti wavomera, ndipo iye sanathire kanthu m'botolo koposa shuga.

Karen atangoweruka kusukulu, Dyness anamukhazika pansi. "Iwe, segula foni yako. Iyi passion itantauza chani?"

Mwana anawerenga, mawu n'kuyamba kuchepa. "Ati chilakolako champhamvu, Amai. Cha mwamuna na mukazi."

Dyness anadzifunsa mumtima: Mayo, ndiye a Sophia sananame?

"Yasila? Yathela pamenepo?"

"Kuli vinangu pansi."

"Belenga mpaka kumapeto. Sukulu unayendela kubelenga hafu?"

Tanthauzo lachiwiri linali kukonda chinthu ndi mtima wonse. Lomaliza, pansi penipeni pomwe aulesi safika, linali masautso a Yesu pa mtanda. Karen anafufuzanso, n'kupeza kuti chipatsocho chinatenga dzina ku duwa lake: ansembe akale, kutsidya kwa nyanja, anaona m'duwamo misomali, mabala ndi chisoti chaminga.

Dyness ankawadziwa amayi anzake. Ukawaonetsa foni amati za pa foni n'zabodza. Pankafunika duwa lenileni, koma zipatso za ku msika wa Soweto zimabwera m'thumba, zopanda ndi tsamba lomwe. Anakumbukira mlamu wake Josiah, wosamalira maluwa pa nyumba ina ku Kabulonga, kumene mtengowo unayanga pa mpanda. Lachitatu anatseka tebulo, ulendo. Josiah anamuthyolera limodzi uku akung'ung'udza, koma pofika kunyumba duwa linali litafota n'kudzitseka ngati mwana wokwiya.

Wina akanati Mulungu wakana. Dyness anabwereranso Lachinayi m'mawa, ndi kontena ya majarini ndi kansalu konyowa. "Mulamu, muzanichosesa nchito," anatero Josiah pa geti, koma anathyola. Mu basi monse anaifungatira kontenayo, kondakitala akamukankha iye n'kumuyang'ana ndi diso loti ayesenso.

Ku tchalitchi anapeza amayi atamaliza nyimbo yoyamba. A Sophia anaimirira. "Mulongo wathu ali na mau yopepesa."

"Mau nili nayo," anatero Dyness, "koma yopepesa nilibe."

Kunali kung'ung'udza. Iye anavundukula kontena n'kuika duwa pa tebulo la kutsogolo.

"Bwelani mupende mweka. Utu tutatu pamwamba ni misomali. Utu tusanu ni vilonda. Ivi vozungulila ni chisote cha minga. Passion mu chizungu ni kuvutika kwa Ambuye pa mutanda, ndiye kwamene chipaso chinatenga zina. Makondakitala baziba tantauzo imozi chabe, yamene ili mu mitu yao. Manje na ise ba chigwilizano tiziphunzila chizungu ku makondakitala?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, mnzake n'kumutsina. Amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, kuwerenga ndi chala osakhudza. Itatu. Asanu. Mayi wina wachikulire anangoti, "Yesu wanga," n'kugwira pakamwa.

A Sophia anabwera pomaliza. Anawerenga kawiri. Kenaka anasendera pafupi ndi khutu la Dyness. "Basi yasila. Mukabwele nayo bulauzi pa Sondo."

"Munanikamba pamenso pa bantu, Amai. Kambani futi pamenso pa bantu."

Tcheya amene sanabwezepo mawu chilowereni pa mpando anatembenukira kwa amayi onse. "Ninalakwa. Ba Dyness bazavekewa pa Sondo."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Dyness sanaimbe nawo. Anangokhala pa benchi n'kulira, poti mphamvu zonse zinali zitathera pomwepo.

Anthu akutuluka, a Sophia anatsalira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza kontena ija, mawu ali pansipansi.

"Nibwelekeniko iyi duwa, isanafote. Ninapeza botolo yanu mu jekete ya bamuna banga. Lelo ni siku ya naini nibagoneka pa mupando."