Thabwa la Bawo

Inali naini koloko m'mawa, koma dzuwa la ku Nsanje linali litayamba kale kuwotcha. Fanizo, telala wa pamsika, anali chogwada m'nyumba yalendi, akupaka penti wofiira pa matabwa a pansi. Nyumbayo inali yakale, yomangidwa pa zipilala kuopa madzi osefukira.

Sabata yathayo eni nyumba, Mayi Lackson, ananena kuti mng'ono wawo wa ku Marka akuifuna, ndipo tsiku limeneli amabwera kudzanena woti akhalemo. Fanizo anafuna kuwaonetsa kuti iye ndi mkazi wake Otilia amadziwa kusamala nyumba.

"Bambo, penti ameneyu auma asanafike?" anafunsa Otilia.

"Ndi dzuwa ili? Nsomba zimauma, nanji penti."

"Inu ntchito yanu ndi mabatani. Zopentazi munaphunzira kuti?"

Penti anathera pafupi ndi windo. Panatsala thabwa limodzi lalikulu, lokhala ndi timaenje ta bawo timene wina anagoba kalekale. Fanizo anakanda m'chitini koma munalibe kanthu. Iye ndi mkazi wake anaima pakhomo lakuseri, akuyang'ana thabwalo.

"Odi kuno!" Mawuwo anachokera kukhomo lakumaso.

"Lowani, mayi!" anayankha Otilia asanaganize. Munthu wamkulu sasiyidwa pakhomo.

Mayi Lackson anavula nsapato mwaulemu, monga ankachitira nthawi zonse, n'kulowa. Anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu phazi linakakamira.

"Mayo! Mwathira uchi pansipa?"

Fanizo anagwira mutu. Mumtima anati nyumba yapita basi.

Koma mayiwo sanalinso kuyang'ana mapazi awo. Maso anali pa thabwa lija.

"Ili mwalisiya?"

"Mayi, kunena zoona, penti..."

Otilia anamutsina pamkono. "Tinaona kuti si lathu loti n'kupenta, mayi."

"Anagoba ndi malemu bambo Lackson," anatero mayiwo. "Ndi mpeni wanga wodulira anyezi. Ndinawakalipira sabata yathunthu." Anaseka pang'ono. "Mng'ono wanga uja akanalizula n'kusonkhezera moto."

Anayenda mpaka pa thabwalo, mapazi akulira nyaa, nyaa, n'kuima pamenepo ngati ali pachilumba.

"Iwe telala, waima chiyani? Bweretsa beseni ndi palafini. Koma mapazi anga adindikawa usawafufute. Anthu azidziwa kuti nyumbayi ili ndi mwini."

"Nanga za nyumbazo, mayi?"

"Musamuka bwanji penti asanaume? Khalani. Wa ku Marka ndimupezera kwina."

"Takhuta, mayi!" Otilia anathokoza m'Chisena, n'kuyamba kugwada. Fanizo anamukoka nsalu mawondo asanafike pa penti.

Mayiwo atapita, zidendene zidakali zofiira, Otilia anati, "Chitini chija kachitayeni kutali, asachione."

Fanizo anakachitaya kudzala. Atabwerako anakokera makina ake pamthunzi wa khonde, nayamba kupinda buluku limene mwini wake amadzatenga madzulo.