Mlonda wa Soketi

Kabokosi kaja kanayamba mwano kutatsala masiku anayi kuti Namwino alembe mayeso. Anali mayeso a uzamba, olembera pa intaneti, ndipo lamulo lake linali lopanda chisoni: kompyuta ikazima pakati pa mayeso, basi, tionana chaka chamawa. Mayiyu anali atadikira kale zaka ziwiri. Chachitatu? Ayi, zimenezo ndiye zosatheka.

Kabokosiko, komwe ogulitsa amati yupiesi, ntchito yake inali imodzi yokha: magetsi akathima, kagwirizize kompyuta kwa mphindi makumi awiri. Koma Lolemba madzulo magetsi atangoti phethi, iko kanalira kawiri, tii! tii! n'kufa pamodzi ndi kompyuta yomwe.

"Batire yatha imeneyo," anatero mwamuna wa Namwino, maso ali pa foni. "Zinthu za masiku ano."

"Batire ya miyezi isanu? Inutu mumadziwa zonse muli chikhalire pampando."

Namwino sankapatsa wodwala mankhwala asanamuyeze, ndiye kabokosi kakanamuposa bwanji? Anagwada pansi pa tebulo n'kuzula pulintala ndi feni zomwe wina wanzeru zake anazilumikiza kumbuyo kwake. Anapukuta fumbi m'timabowo ta mpweya. Anatsegula kachitseko kapansi kuti aone batire: sinatupe, sinadonthe, mawaya ali gwa. Anakasiya kuti kadzaze moto. Mawa lake pochokera kuntchito anazula pulagi kukhoma, maso pa wotchi. Masekondi makumi anayi okha, kenako zii. Mtima unamupweteka mpaka misozi inalengeza.

Lachitatu anasinthana ntchito ndi mnzake, nafika panyumba dzuwa lili paliwombo. Firiji inali kulira, kusonyeza kuti magetsi alipo. Koma kababu kobiriwira ka pa kabokosi kanali kozima. Anayang'ana kukhoma, n'kupeza swichi ya soketi ndi yozimitsa.

Panyumbapo masana pankatsala munthu mmodzi: apongozi ake aamuna, omwe anabwera kudzakhala nawo atapuma pantchito. Mkuluyu anagwira ulonda zaka makumi atatu panyumba yosungiramo katundu. Anawapeza pakhonde akupukuta nsapato zawo.

"Bambo, pepani, kodi swichi ya kuchipinda chowerengera amazimitsa ndani?"

"Ndine, mwanangu," anayankha monyadira. "Anthu akatuluka, chilichonse chizime, kupatula firiji. Ndimayatsanso musanafike kuti musavutike. Pokagona ndimazunguliranso n'kuzimitsa. Kanthu kanu kaja kamalira kwabasi, koma ndimangokasiya, kamatonthola kokha."

Kamatonthola kokha! Namwino anagwira pakamwa. Miyezi isanu yathunthu kabokosi kakudyetsa kachipangizo ka intaneti kolumikizidwa kwa iko mpaka kukomoka, kawiri pa tsiku, kosakhutako ngakhale kamodzi. Mawu aukali anafika pakhosi koma anawameza. Anakhala pansi n'kufotokoza pang'onopang'ono mmene batire imadzazira moto, ndi zomwe zichitike Lachisanu ikapanda kudzaza.

Apongozi anaika nsapato pansi. Nkhope yawo inagwa.

"Ndiye kuti ndakuwonongerani mayeso, mwanangu?"

Namwino anawamvera chisoni, koma ankadziwanso kuti kungoti "musamazimitse" sikungathandize. Pakamwa pakanavomera, koma dzanja lozolowera zaka makumi atatu likanazimitsa lokha mwini wake asakudziwa.

"Simunawononge, Bambo. Koma ndikufuna mlonda. Soketi iyi asaikhudze munthu mpaka Lachisanu. Ngakhale mwana wanu yemwe."

Ha! Munthu sanalandirepo ntchito mwa mtundu umenewo. Mkuluyo anakoka mpando, nauika pafupi ndi soketi, manja ake atawapinda pachifuwa ngati kuti akuwalonderanso iwowo. Mwana wawo atabwera kuti atchaje foni pomwepo, anabwezedwa ngati wakuba. "Pita kukhitchini, iwe. Pano palibe njira."

Lachinayi madzulo Namwino anayesanso. Mphindi zisanu ndi zinayi. Batire inali itavulala, makumi awiri aja sikanawafikanso. Analemba nambalayo pakapepala, namata pambali pa kompyuta, n'kuyamba kuyeserera kuyankha mafunso mothamanga.

Lachisanu mayeso anayamba bwinobwino. Lamulo silinkalola munthu wina m'chipindamo, choncho apongozi anaima kunja kwa chitseko. Mafunso anali makumi asanu ndi limodzi. Atatsala asanu ndi atatu, magetsi aja, opanda manyazi, anathima.

Tii! Tii!

Kompyuta inakhalabe yoyaka. Namwino anadzikalipira chamumtima: unagwirapo mwana wobadwa osapuma, ulephere izi? Anawerenga, nayankha, nawerenganso. Funso lina linamuzunguza mutu, analidumpha n'kudzalibwerera. Kulira kwa kabokosi kunayamba kufulumira. Anadina potumizira, kachizindikiro kanazungulira, kanazunguliranso, kenako panatuluka mawu oti mayankho alandiridwa. Asanapume n'komwe, kompyuta inati zii.

Anatsegula chitseko. Apongozi anali chiimire pomwepo, chipewa chili m'manja, tiyi wawo wa m'mawa atazizira pansi osamwedwa.

"Zapita, Bambo. Zapita zonse!"

Mkuluyo anapukuta m'maso ndi chipewa chija.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikulondera za eni, mwanangu. Lero ndiye ndalondera zathu."