Mafunso Ochokera ku Shopu Yometera

Ndinkaphunzitsa bayoloje ku sekondale, ndipo m'kalasi mwanga mu Fomu 3 munali mtsikana amene anzake ankamutcha Chete. Ankakhala pakona, pafupi ndi zenera losweka, ndipo teremu yonse yoyamba sindinamve mawu ake kupatula "ndilipo". Mayeso ankakhoza mwamwayi, mochita kudzikoka.

Loweruka lina kwa wometa wanga kunali kotseka, ndiye ndinalowa m'shopu ina imene ndinali ndisanalowemo. Kanali kachipinda kopanikizika: galasi lalikulu long'aluka m'mphepete, benchi ya odikira, ndi wailesi imene inkangodziyankhulira yokha. Wometayo, bambo wamtali wa imvi m'ndevu, atandimanga nsalu m'khosi anandiyang'anitsitsa pagalasi.

"Si inu aphunzitsi a bayoloje? Mwana wanga ali m'kalasi mwanu. Uja wosayankhula uja."

"Chete?"

"Ngakhale inu mumamutchula choncho!" Anaseka, kenako anazimitsa makina. "Aphunzitsi, ndigawireniko nzeru. Mayi ake anatisiya iye ali wamng'ono. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndikatsegula buku lake ndimangoona nyerere zikuyenda. Yunifomu ndimagula, nthawi yowerenga ndimampatsa. Koma ndingamuthandize bwanji pa zinthu zimene ine sindizidziwa?"

Ndinawauza kuti kusadziwako n'kumene kungathandize. "Akaweruka musamufunse kuti zayenda bwanji, chifukwa angoyankha kuti bwino, basi nkhani yatha. Muzimuuza kuti akuphunzitseni zimene waphunzira tsikulo. Pamene simunamve, muzikakamira mpaka mumve."

"Kukakamira ndiye mwafika pakwawo," anatero, n'kuyatsanso makina.

Kunena zoona, malangizo amenewa ndinali nditawapereka kwa makolo ambiri, ndipo ambiri ankangogwedeza mutu. Sindinayembekezere kanthu.

Patapita milungu ingapo, ndikuphunzitsa za kayendedwe ka magazi, ndinaona mkono pakona paja. Unali wokwezedwa mwamantha, ngati mwini wake akufuna kuubweza.

"Aphunzitsi," anatero Chete, "bambo anga akufunsa kuti, mtima umagunda usana ndi usiku, nanga umapuma nthawi yanji?"

Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Koma nditafunsa kuti ndani ayankhe, onse anayang'ana pansi. Tinatha phunziro lonse pa funso limenelo, ndipo belu litalira palibe anathamangira kukhomo.

Kuyambira pamenepo mafunso sanaleke. Zinapezeka kuti Chete ankaphunzitsa bambo akewo m'shopu momwemo, makasitomala ali pabenchi, ndipo iwonso ankalowerera. Tsiku lina anabwera ndi funso la kalipentala: bwanji tsitsi likamametedwa silipweteka koma likazulidwa munthu amalumpha? Tsiku lina la dalaivala wina, lokhudza kugona tulo munthu akakhuta. Anzake anasirira. Mnyamata wina wovutitsa wakumbuyo anadza ndi funso la mayi ake ogulitsa tomato: bwanji wosapsa amapsa msanga akamuika pamodzi ndi nthochi? Ine amene ndinali nditazolowera kubwereza zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndinayambanso kutsegula mabuku ndisanalowe m'kalasi, kuopa kuchititsidwa manyazi ndi anthu a pabenchi.

Tsitsi litakula ndinabwerera kushopu kuja. Ndinapeza Chete ataima pagalasi, yunifomu ikadali m'thupi, akujambula mtima ndi kachidutswa ka sopo. Pampando panali bambo wina wonenepa, mutu wometedwa theka, akutsutsa ndi mphamvu.

"Iwe mwana, zipinda zinayi mumtima? Ndiye kuti ndi nyumba ya lendi?"

"Amalume, dikirani ndimalize," anatero Chete osatekeseka. "Mukandidula pakamwa mutuluka muno musakudziwa, komanso mutu uli theka."

Benchi yonse inaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo ake atandiona nditaima pakhomo, anangoloza mwanayo ndi chipeso, maso ali ngwee.

Chaka chotsatira Chete analemba mayeso omaliza, ndipo anakhoza bwino moti anamutenga ku koleji ya unamwino. Tsiku limene uthengawo unafika, wometa uja anatseka shopu dzuwa lili pamutu n'kubwera kusukulu, tsitsi la anthu lili mbuu pamalaya. Anandipeza ndikutuluka m'kalasi, choko chili m'manja, ndipo anagwira dzanja langa ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, ndasowa ponyamulira mawu. Mwandilerera mwana."

"Ayi bambo, wothokoza ndine," ndinatero. "Ine ndinangoyankhula muli kundimeta. Amene munakhala pansi tsiku ndi tsiku n'kumamvetsera ndinu. Ndipo kalasi langa munalidzutsa ndinu."

Tinakanganirana zikomoyo kwa kanthawi, aliyense akukankhira mnzake, mpaka ana amene ankadutsa anayamba kutiyang'ana. Kenako anakanda m'mutu n'kutsitsa mawu.

"Koma pali vuto limodzi. Anzanga a pabenchi andituma. Akuti mwanayu akupita, koma nkhani ya impso tinaisiyira pakati."

Ndinawalonjeza kuti Loweruka ndibwera ndekha kudzaimaliza, ndipo ndinapitadi. Anandipanikiza ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu.