Sabata Imene Duncan Anagwira Ntchito ku Bwalo la Ndege

Duncan Kalekeni anapakira katundu m'ndege zaka zisanu ndi zinayi, ku kampani ina yaing'ono yotchedwa Namzeze. Kampaniyo inali ndi ndege ziwiri zonyamula alendo kuchoka ku bwalo la ndege la ku Lumbadzi kupita nawo kokaona nyama. Mliri wa korona utabwera, alendo anasiya kubwera, ndege zinaima, imodzi inagulitsidwa, ndipo antchito ambiri anauzidwa kuti akadikirire kwawo. Duncan anabwerera kuchikamwini, kumudzi kwa mkazi wake Feggie, kufupi ndi Mtunthama, atanyamula matiresi, wailesi ndi jekete lachikasu lonyezimira limene anaiwala dala kubweza.

Feggie ndiye anamuphunzitsa fodya. Anayamba naye pa nazale, kenako kuwokera, kudula mitu, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa. Chaka choyamba Duncan ankangodandaula msana. Pofika chaka chachitatu fodya wake ankauma bwino kuposa wa aliyense m'mudzimo, moti anthu ankabwera kudzasuzumira m'chigafa mwake. Koma munthu akamuyamikira, iye ankakana.

"Ine si mlimi ayi. Ndikungodikira kampani."

Kumunda ankapita atavala jekete lija. Ndege ikadutsa m'mwamba ankaimika khasu, n'kuyang'ana pa wotchi, n'kunena kuti yachedwa. Feggie ankangoluma mlomo kuti asaseke.

Tsiku lina mu February, fodya atakhwima, foni ya Feggie inalira. Ya Duncan inali itagwera m'chitsime kalekale, choncho kukampani anapereka nambala ya mkazi wake. Uthenga unali wakuti alendo achulukanso, kampani ikufuna kubwereka ndege yachiwiri, ndipo antchito akale akafike Lolemba.

Lamulungu limenelo Duncan anapempha mpata m'tchalitchi. Anatsanzika kwa nthawi yaitali kuposa ulaliki. Potuluka anapereka majombo ake kwa Amosi, mnzake wolima naye malire, chipewa chakumunda anapatsa mkulu wa mpingo, ndipo analonjeza amayi a Chigwirizano kuti aliyense wofika ku Lumbadzi adzamuonetsa ndege pafupi. Feggie atamufunsa za fodya amene anali atayamba kuchita chikasu m'munda, anayankha atakweza mapewa.

"Nabanda, zimenezo uona ndi Fainala. Munthu sangasiye ndege chifukwa cha masamba."

Fainala anali mng'ono wake wa Feggie. Lolemba m'mawa Duncan anakwera basi, ndipo akazi awiriwo analowa m'munda okha.

Lachiwiri cha m'ma teni, manja ali phulaphula ndi utomoni wa fodya, Feggie anamva foni ikulira m'chitenje.

"Ndine Sunganani, wa ku ofesi ya Namzeze. A Kalekeni anafika bwino kunyumba?"

"Kunyumba kuti? Si ali kwanuko?"

Mayiyo anafotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu amene walankhula mawu omwewo kwa anthu ambiri. Msonkho wa makampani unali utakwera. Ndalama imene eni ake anasunga kuti abwerekere ndege yachiwiri tsopano inali yopita ku msonkho. Popanda ndege yachiwiri panalibe ntchito ya anthu khumi ndi anayi amene anawaitana. Anayesa kuwaimbira Loweruka koma mafoni ena sanapezeke, choncho ambiri anakamvera pakhomo pa ofesi.

"Tinali titangoyamba kupuma, mayi," anatero Sunganani. "Zaka zonsezi ndege imauluka ndi mipando yopanda anthu. Chaka chino chokha ndiye yadzaza. Mutipepesereko kwa a Kalekeni. Anachoka osalankhula ndi munthu."

Feggie anakhala pa mzere, mtima uli m'malere. Anaganiza za ngozi, anaganiza za mowa, anaganiza za munthu wamanyazi amene sadziwa kolowera. Anagwira ntchito masana onse osadya. Dzuwa litapendeka foni inaliranso, ndipo pa galasi panalembedwa dzina limene iye mwini analisunga chaka chatha: Mkazi wa Grey. Grey anali msuweni wa Duncan, wokonza njinga pa Kasungu Boma, ndipo nyumba yake inagundana ndi chigayo.

"Nabanda, ndine. Ndabwereka foni ya pailoti."

Mantha onse anasungunuka. M'malo mwake Feggie anangofuna kuseka.

"Abambo a Titho! Mwayamba ntchito?"

"Dzulo lomwe. Anandilandira ngati mfumu. Akuti chichokere ine katundu amangosokonekera."

"Nanga chikulira kumbuyoko n'chiyani, gu-gu-gu?"

"Injini ya ndege imeneyo. Akuitenthetsa."

"Koma ndiye imalira ngati chigayo."

"Zatsopanozi zimalira choncho."

Atadula foni, Feggie anaseka mpaka misozi, Fainala n'kumamugwedeza kuti anene chachitika. Atamva, Fainala anati atumize munthu akamutenge mlamu wakeyo mawa lomwe. Feggie anakana. Munthu amene anatsanzika m'tchalitchi ola lathunthu sungamukoke ngati mbuzi, anatero. Abwere ndi miyendo yake. Ndipo popeza wasankha kugwira ntchito ku bwalo la ndege, agwireko pang'ono.

Lachitatu Duncan anaimbanso nthawi yomweyo. Ali mkati mofotokoza za azungu a ku Germany amene anamupatsa moni wa pamanja, tambala analira pafupi ndi foni.

"Mukuweta nkhuku pa bwalo la ndege?"

"Ndi katundu wa mlendo. Akupita naye ku Nairobi."

"Tambala wa mwayi. Ine ndabadwa sindinakwerepo."

Lachinayi Duncan ataimbanso, Feggie anawonjezera moto. Anauza mwamuna wake kuti amayi a Chigwirizano ali ndi msonkhano ku Lilongwe Loweruka, ndipo agwirizana kuti pobwerera adzadzere ku Lumbadzi, onse makumi awiri ndi atatu, atavala yunifolomu, kudzamuimbira nyimbo pa geti. Kumbali inayo kunamveka chifuwa.

"Loweruka? Aa, Loweruka anditumiza kunja."

"Ndi tambala uja?"

"Usamaseweretse ntchito, Nabanda. Uwauze adzabwere mwezi wa mawa."

Bodza la Feggie linathera pomwepo osabala kanthu. Iye ankayembekeza kuti munthuyo agonja, koma anangozemba. Ndipo masewera aja anayamba kumulemera. Masamba ankapsa m'munda mofulumira kuposa manja a anthu awiri. Mvula inkagwa masana aliwonse. Fainala anali ndi munda wakenso. Anthu odutsa ankafunsa kuti a Kalekeni akupeza bwanji ku ndege, iye n'kumayankha kuti akuti kuli phokoso.

Lachisanu m'mawa anaima m'chigafa kuyang'ana mikangala, timitengo topachikapo fodya, mmene Duncan anaitalikitsira. Munthuyo anayeza mpata uliwonse ndi chikhatho chake kuti mphepo izidutsa, ndipo tsiku lina anakalipira Fainala chifukwa chosunthira mkangala umodzi wokha. Feggie anamwetulira. Anadziwa pomugwira.

Madzulo foni italira, sanafunse za ndege.

"Musadere nkhawa za fodya, abambo a Titho. Amalume a Esau abwera kudzatithandiza."

"A Esau? Amene fodya wawo anawola zaka ziwiri zotsatizana?"

"Omwewo. Akuti inu mumawononga malo. Athithikiza mikangala yonse pamodzi kuti masamba ambiri alowe. Pano chigafa chadzaza theka lokha, chikuoneka bwino zedi."

"Athithikiza? Ndi mvula imeneyi?"

"Akutinso mawa atchinga m'mbali monse ndi pulasitiki, kuti mphepo isalowe."

"Nabanda! Fodya ameneyo aphika! Uwauze asakhudze kanthu. Wamva? Chikhatho chimodzi pakati pa mkangala ndi mkangala!"

"Ine ndingawauze bwanji amalume? Inu ndinu a ndege. Za masamba tisiyireni."

Anadula foni. A Esau, malume akewo, anali ku Dowa ku ukwati chiyambire Lachitatu, ndipo m'chigafamo anali asanapondemo chaka chonse.

Loweruka mame asanaume, kabaza anaima kuseri kwa nyumba, osati kumaso. Feggie anali atakhala pa mphasa m'chigafa, akusoka masamba. Anamva mapazi akuthamanga. Duncan analowa ali wefuwefu, chikwama kumsana, thalauza lili ndi ufa m'mawondo. Sanapereke moni. Anayang'ana m'mwamba, n'kuyenda mzere woyamba, wachiwiri, akulowetsa chikhatho pakati pa mikangala. Yonse inali mmene anaisiyira. Ananunkhiza tsamba, n'kulitembenuza. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"A Esau ali kuti?"

"Ku Dowa. Takulandirani. Ndege ya ku Nairobi yatera msanga."

Duncan anakhala pa chitsa. Feggie anapitiriza kusoka, osamuyang'ana.

"Unadziwa liti?"

"Lachiwiri. Mayi Sunganani anaimba kufunsa ngati mwafika bwino. Ndiponso pailoti wanu uja nambala yake ndinaisunga kalekale."

"Ndiye masiku onsewa umandiseka."

"Tsiku loyamba ndinalira kaye. Ndinkaganiza kuti mwagundidwa ndi galimoto."

Mawu amenewo anamukhudza Duncan kuposa chipongwe chonse. Anazyolika, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu otsika. Anati anafika pa ofesi atasita malaya, n'kupeza anzake akale ataima panja ngati pa maliro. Bwana anatuluka ndi pepala, n'kuwerenga za msonkho. Mmodzi anafunsa kuti msonkho wa phindu ungavute bwanji kampani imene yakhala ikulira kuti ilibe phindu. Bwanayo anati ndiye vuto lake: chaka choyamba chimene apeza kangachepe n'chimene msonkho wakwera, ndipo eni ake aopa kutenga ndege yachiwiri. Duncan anakwera basi yobwerera, koma itayandikira Kasungu anakumbukira nkhope za m'tchalitchi, chipewa, majombo. Miyendo inamutengera kwa Grey. Kumeneko ankapopa matayala ndi kunyamulira amayi matumba a ufa kuti asangokhala.

"Zaka zinayi ndakhala ndikuuza anthu kuti ndine wa ndege," anatero. "Ndibwere Lachiwiri ndi chikwama chomwecho?"

"Mwabwera Loweruka ndi chikwama chomwecho. Gwirani singano iyi."

Anasoka limodzi mpaka masana. Fainala atafika anapereka moni mwaulemu wonse, atagwada, n'kufunsa alamu ake ngati tambala anafika bwino. Duncan anayang'ana mkazi wake, kenako anaseka yekha, koyamba sabata imeneyo.

Chotsala chinali mudzi. Feggie anamulangiza kuti anene zoona, koma ayambire pa msonkho. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, amuna anamuzungulira pansi pa mtengo wa mango, ena akutsinana. Duncan anayamba monga anauzidwira. Anati kampani inasunga ndalama ya ndege, boma n'kukweza msonkho, ndalama n'kupita. Asanafike pa za Grey, Amosi anamudula.

"Mukutanthauza kuti ndege nayonso amaidula ngati mmene amatidulira ife ku okushoni, pogulitsa fodya?"

"Chimodzimodzi."

Basi nkhani inatembenuka. Aliyense anali ndi chake chonena za pepala la malonda a fodya, mmene limayambira ndi nambala yonenepa pamwamba n'kutsika likuwonda mpaka pansi. Mkulu wa mpingo anati iye ankayesa kuti eni ndege sagona ndi nkhawa. Wina anati boma nalonso lili ndi zipatala zofuna mankhwala, lizitenga kuti, ndipo mkangano unabuka mpaka amayi anayamba kuitana amuna awo. Palibe anafunsa kumene Duncan anagona masiku asanu. Feggie, ali chapatali ndi amayi anzake, anaona mwamuna wake akutambasula manja, akufotokoza mtengo wa mafuta a ndege ngati ndiye amagula.

Za kwa Grey zinadziwika ndithu patapita milungu iwiri, chifukwa mkazi wa Grey sasunga nkhani. Anthu anaseka, ana n'kumati gu-gu-gu akamuona, koma inali nthawi yosankha fodya ndi kudinda mabelo, ndipo aliyense ankafuna Duncan adzamuonere masamba ake. Kuseka munthu amene ukumupempha thandizo kumatha msanga.

Fodya wawo anagulidwa bwino mu May. Mu July Sunganani anaimbanso. Ndege yachiwiri inalibebe, koma nyengo ya alendo inali itafika, ndipo ankafuna anthu atatu a ganyu kwa miyezi iwiri. Feggie anapereka foni kwa mwini nkhani, n'kuima pomwepo kumvetsera. Duncan anafunsa kawiri ngati n'zotsimikizika, anafunsa tsiku lomaliza, n'kunena kuti pofika pakati pa September ayenera kukhala atabwerera, chifukwa nazale siyembekeza munthu. Anapita Lachitatu m'mawa, atauza mkazi wake, Fainala ndi mwana wawo Tithokoze basi. Feggie anamuperekeza mpaka pa msewu, ndipo basi itanyamuka anadzera ku dimba kukathyola mpiru.