Madzi Oluma a mu Saluni

Woyamba kudandaula anali kasitomala. Mayi wa saluni anali atamuweramitsa pa sinki, akumutsuka mankhwala m'mutu, ndipo kasitomalayo anadzidzimuka n'kudzutsa mutu, thovu lili chuchuchu m'khosi.

"Iii, asisi, madzi anuwa akuluma!"

"Ndi mankhwalawo, amayi. Pirirani, tatsala pang'ono."

Anayankha choncho chifukwa ndi mmene munthu wa saluni amayankhira, koma iye mwini anali atazimva kale. Kwa masabata angapo, akagwira mpopi ndi manja onyowa, zala zinkachita ngati muli nyerere zikuyenda m'kati mwa khungu. Tsiku lina zinkamveka, tsiku lina ayi. Ankadziuza kuti ndi dzanzi la kuluka tsitsi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Saluniyo inali chipinda chapakati pa mdadada wa mashopu omangidwa ndi mizati yachitsulo ndi malata, onse denga limodzi. Kumanzere kunali mchimwene wake wamkulu, kalipentala, amene anamupezera malowo n'kumukhomera mashelefu ndi sinki yachitsuloyo. Kumanja kunali bambo wowotcherera zitsulo yemwe aliyense ankamutchula kuti a Mbaliwali, chifukwa analibe malaya ngakhale amodzi opanda timabowo ta moto. Mayi wa saluni anazolowera kugwira ntchito pakati pa phokoso: uku sowo, uku nyundo, ndi makina owotcherera akung'ung'udza kuseri kwa lata.

Madzulo a tsiku limenelo anaitana mchimwene wake.

"Achimwene, tagwirani mpopiwu."

Kalipentala anagwira ndi dzanja lake louma lokhakhala, ataima mu nsapato zake za mphira. Anatsegula madzi, anatseka, n'kugwedeza mutu.

"Palibe kanthu apa, achemwali. Manja anuwa afewa ndi mafuta a tsitsi. Ngakhale udzudzu utakuterani muziti mwalumidwa ndi galu."

A Mbaliwali anali pakhomo, akupukuta thukuta ndi chipewa, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Asisi, magetsi ndi ine tinadziwana ndili mnyamata. Akamakugwirani pang'ono choncho ndiye kuti akungopereka moni. Oopsa sachenjeza."

Anatero akukoka nthambo ya makina awo kuti ailowetse m'kati. Mayi wa saluni anaiyang'ana nthamboyo ikukwawa pansi. Inali yolumikizalumikiza, pena yokulungidwa ndi tepi wakuda, pena ndi mphira wa chubu cha njinga, pena ndi pepala la pulasitiki lomwe linali litasungunuka n'kumatirira. Anabwerera m'saluni mwake. Munthu sungaphunzitse ntchito bambo wa imvi pakhomo pa shopu yake.

Kenaka mphaka wake anasiya kulowa. Anali mphaka wokonda kugona pansi pa sinki, pomwe pankazizira, koma tsopano ankangofika pakhonde, kununkhiza felemu la chitseko, n'kubwerera. M'mawa wina akusesa, mayiyo anapeza khoswe kuseri kwa sinki, atagwira paipi ndi timiyendo tonse, atauma gwa, wopanda bala paliponse. Anamuchotsa ndi mtengo wa tsache. Tsiku limenelo anatsuka makasitomala mitu ndi madzi a m'ndowa, n'kuwanamiza kuti mpopi wawonongeka.

Mvula inayamba m'bandakucha wa tsiku lina ndipo inagwa yosalekeza. Pofika kuntchito anapeza madzi atalowa pansi pa chitseko, simenti yonse ili nyowe. Anavula nsapato zake zonyowa, anakolopa pang'ono, kenaka anatambasula dzanja kuti atsegule windo. Atangokhudza chitsulo cha pawindopo, chinthu chinamumenya kuyambira m'zala mpaka paphewa ngati wamenyedwa ndi thabwa. Anapezeka atakhala pansi pakati pa mipando, m'kamwa mukumveka dzimbiri.

Anavala nsapato, anatuluka chammbali osakhudza felemu, n'kuwoloka msewu kupita ku hadiweya, sitolo ya zida ndi zamagetsi.

Bambo wa hadiweya anali munthu wosakonda kuyankhula. Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kooneka ngati sikuludiraiva yaing'ono, chogwirira chake choonekera m'kati.

"Iyi ndi tesita. Ndinakuonetsani tsiku lija munadzagula mababu, inu munati si ya azimayi."

"Ndinatero, bambo."

"Mugunditse nsonga yake pa chitsulo chomwe mukuchikayikira, chala chanu chikhale pa kachitsulo ka kumbuyoku. Muli kababu m'katimu. Kakayaka, ndiye kuti chitsulocho chili ndi moto. Musachigwire, ndipo musalole wina aliyense achigwire."

Anaigula. Inali yotchipa kuposa botolo limodzi la mafuta a tsitsi. Zimenezo ndi zomwe zinamuwawa mayiyo akuwoloka msewu pobwerera, mvula ikumumenya kumaso.

Anayambira pa windo lija. Kababu kanayaka, kofiira ngati diso la munthu wosagona. Anagunditsa pa mpopi, kanayaka. Pa sinki, kanayaka. Pa felemu la chitseko, pomwe ana a makasitomala ankakonda kutsamira podikira amayi awo, kanayakanso. Anaima pakati pa chipindacho manja atawapanira m'khwapa, akuona kuti chilichonse chomuzungulira chinali chachitsulo.

"Achimwene!"

Kalipentala anabwera utuchi uli m'mutu, akufuna kuyamba nthabwala, koma ataona kababuko anatseka pakamwa. Anatenga kathabwa kouma n'kuzimitsa nako swichi yaikulu ya mu saluni. Magetsi a padenga anathima.

"Yesaninso."

Kanayaka.

Kalipentala anathamangira ku shopu yake, anazimitsa zonse za kumeneko, n'kubwerera akupuma mofulumira.

"Yesaninso, achemwali."

Kanayaka chimodzimodzi, osachepa ngakhale pang'ono.

Anayang'anana. Apa mpamene mayi wa saluni anazindikira chomwe chinkamusowetsa mtendere chibwerere ku hadiweya. Kuseri kwa lata la kumanja makina owotcherera ankang'ung'udza monga mwa masiku onse, wailesi inkaimba, koma kunalibe nyundo, kunalibe kukhosomola, kunalibe mluzu womwe a Mbaliwali ankaimba akamagwira ntchito. Ndipo munkamveka kafungo, osati ka chitsulo chopsa komwe anakazolowera, koma kena, konga ka tsitsi likapserera.

"Munawaona m'mawa uno?" anafunsa mayiyo.

"Ndinawaona akulowa. Anakankha chitseko chifukwa cha mvula."

Anatuluka onse awiri. Chitseko cha a Mbaliwali chinali chachitsulo chokhachokha, chowotcherera okha, chotsekeka koma chosakhoma. Madzi ankatuluka pansi pake, akuda ndi dzimbiri.

"A Mbaliwali! Bambo!"

Wailesi yokha ndi yomwe inayankha. Kalipentala anatambasula dzanja kuti agwire chogwirira, dzanja lomwe tsopano linali litanyowa ndi mvula, ndipo mchemwali wakeyo anamukoka malaya mwamphamvu mpaka batani linaduka.

"Dikirani!"

Anagunditsa tesita pa chogwiriracho. Kababu kanayaka kowala kuposa paliponse, moti kankaoneka bwinobwino ngakhale panja masana. Kalipentala anabweza dzanja lake pang'onopang'ono n'kuliyang'ana ngati si lake.

Anthu anali atayamba kusonkhana: wosoka nsapato wa pakona, mayi wogulitsa makala, ndi dalaivala wa kalole yemwe ankadikira katundu. Aliyense ankafuna kusuzumira, ndipo mayi wa saluni, amene sanakalipirepo munthu pamsewu umenewo, anakuwa ndi mawu omwe iye mwini sanawadziwe.

"Wina asagwire lata! Bwererani uko! Nyumba yonseyi ili ndi moto!"

Bokosi lalikulu la magetsi a mdadada wonse linali kuseri, pa chipilala cha simenti, ndipo mwini nyumba analikhoma ndi loko n'kupita ndi kiyi. Mayiyo analiyesa kaye. Kababu sikanayake. Kalipentala anamenya lokoyo ndi nyundo mpaka inathyoka, n'kugwetsa swichi. Wailesi inaduka pakati pa nyimbo. Kung'ung'udza kuja kunatha, ndipo kunangotsala phokoso la mvula pa malata.

Mayiyo anayesanso chitseko. Kababu kanali zii. Komabe kalipentala sanachikhulupirire. Anachikankha ndi thabwa lalitali.

A Mbaliwali anali chigonere cham'mbali pafupi ndi tebulo lawo lachitsulo, miyendo ili m'madzi, thupi lili pa mulu wa matabwa akale omwe ankaikapo zitsulo zomaliza. Dzanja lawo lamanja linali litapindika, chikhatho chakuda, khungu litasupuka. Maso anali otsegula pang'ono koma sankaona munthu. Mayi wa saluni anagwada m'madzimo n'kuika khutu pafupi ndi kamwa lawo. Kwa kanthawi sanamve chilichonse. Kenaka kunabwera kampweya kochepa, kofunda.

"Akupuma! Nyamulani!"

Anawakweza pa kalole kaja, kalipentala atawagoneka mutu pamiyendo pake, mayi wa makala atawafunditsa nsalu yake. Mayi wa saluni anatsala pamsewu, tesita ili m'manja, kenaka anakakhala pansi pakhonde la hadiweya.

Wamagetsi anabwera mawa lake. Anakwera kudenga, anasuzumira, anasuntha makina, kenaka anaitana mayi wa saluni ndi mchimwene wake kuti aone. Nthambo ija inkadutsa kuseri kwa mzati wachitsulo, ndipo pamalo amodzi inali itakhulika mpaka waya wake kugona pa mzatiwo. Mzatiwo unagwirana ndi denga, denga linagwirana ndi mafelemu, ndipo paipi ya madzi inamangiriridwa pa mzati womwewo.

"Nyumba yonseyi inali waya mmodzi," anatero. "Ndipo womanga sanaike waya wopita m'nthaka. Kukauma, simenti imakutetezani pang'ono. Kukanyowa, ndi zimenezi. Mayi, inu mumatsuka anthu mitu pa sinki iyi?"

"Eya."

Bamboyo anangopukusa mutu n'kuyamba kulongedza zida zake.

Kalipentala sanachitenso nthabwala za manja ofewa. Sabata yomweyo anagula tesita yake, n'kugulanso magalasi oteteza maso ndi zopanira matabwa zomwe anakhala akuzengereza zaka zambiri, akumagwira thabwa ndi bondo pocheka. Wosoka nsapato naye anagula, ngakhale kuti m'shopu mwake munali babu limodzi lokha. Bambo wa hadiweya matesita anamuthera, koma sanasangalale nazo podziwa chomwe chinachititsa.

A Mbaliwali anakhala moyo, koma dzanja silinatambasukenso, ndipo mawu awo anayamba kutuluka mochedwa, ngati akuwafunafuna. Mayi wa saluni atapita kukawaona kunyumba, anawapeza atakhala padzuwa, dzanjalo lili pachifuwa.

"Asisi, akuti munandipeza ndinu."

"Tinakupezani tonse, bambo."

"Nthambo ija ndimati ndisintha mwezi ukatha. Mwezi uliwonse ndimatero."

Akazi awo anabwera ku shopu kudzagulitsa zida. Anaziyala pakhonde: nyundo, mapulayazi, chopanira zitsulo, chigoba chotchingira maso chomwe galasi lake linali long'aluka. Anakhala pampando womwe mayi wa saluni anawabwereka, osaitana ogula, ndipo munthu akafunsa mtengo ankayankha kuti, "Nenani inuyo, ine sindizidziwa." Makina owotcherera okha palibe anawafuna. Anawatenga ogula zitsulo zakutha.

Mwini nyumba anabwera kamodzi, anadandaula za loko wake, n'kulonjeza kuti waya wa m'nthaka uja aika mvula ikatha. Mvula inatha. Sanabwere.

Chipinda cha kumanja chinakhala chotseka kwa kanthawi. Kenaka m'mawa wina mayi wa saluni anapeza lole itaima pakhomo, amuna akutsitsa mafiriji akuluakulu akale, a dzimbiri m'munsi, ndi mpukutu wa nthambo zomwe zinaoneka kuti zagwirapo ntchito kwina. Mwini mafirijiwo anali bambo wansangala, wovala bwino, ndipo anamupatsa moni ndi manja awiri. Anati azigulitsa madzi oundana.

"Takulandirani, bambo," anatero mayiyo. "Nanga magetsi akulumikizirani ndani?"

"Aaa, musadandaule, mayi. Mphwanga amadziwako pang'ono. Abwera masana ano."

Mayiyo anayang'ana mafirijiwo, anayang'ana mzati uja, womwe unali udakali ndi chipsera chakuda. Analowa m'saluni, anauza mtsikana yemwe ankadikira kulukidwa kuti abwere tsiku lina, anakhoma chitseko, n'kuyamba kuyenda msewu wonse kufunsa ngati pali chipinda cha njerwa chopanda munthu. Kulikonse ankamuuza kuti ayesere mwezi wamawa.