Kabedi ka kwa Tollefson

"Tabwerezanso, Britta, mwina makutu angawa ndiwo akalamba," anatero Verna Tollefson. Foni anali ataipana ndi phewa, manja ali mbuu ndi ufa wa tirigu.

"Ndati sindibwera, amayi. Ndichirira konkuno ku Duluth, ndipo mwana kumeneko sindibwera naye. Simunamve wailesi m'mawa uno? Akuluakulu a mayiko akuopsezana poyera tsopano. Inuyo mumagona pa chandamale."

"Chandamale! Ndi pakwanu pano, mwana iwe. Suja unkapalasa njinga mpaka pampanda paja?"

"Ndinali mwana, sindinkadziwa chili pansi pake. Bwerani kuno inuyo."

"Nanga kabedi?"

"Tigula kena kusitolo."

Verna anadula foni n'kuiponya pathebulo. Kusitolo! Kabedi kameneko, ka matabwa, kogwedezeka, anakapala agogo a malemu mwamuna wake atangofika kuchokera ku Norway. Mwana aliyense wa kwa Tollefson anagonamo, m'chipinda chimodzimodzi, ndipo chipangidwire sikanatulukepo pakhomo. Nyengo yonse yachisanu Verna anali akukapaka mafuta ndi kusoka kabulangete, kudikira mdzukulu wake woyamba.

Anayang'ana pawindo. Pakati pa munda wake wa tirigu panali mpanda wa waya, m'kati mwake chivundikiro cha simenti, pansi pake mzinga wa nyukiliya. Kwathu kuno ku North Dakota maenje otere ali mbwee m'minda ya anthu. Timalima mozungulira, timakolola mozungulira, ndipo dzina lake sitilitchula. Timangoti "anansi aja". Ndi mmene tinapusira, kapena mmene tinazolowerera, ine sindidziwa.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali Orrin, mng'ono wa malemu mwamuna wake, matope mpaka m'mawondo. Pambuyo pake panaima msilikali wamtali, chipewa chili m'manja.

"Alamu, anyamata a boma atitimira panjira ya kwa anansi. Thirakitala yanga ndaimasula injini. Tulutsani yanu."

"Agone momwemo."

Orrin anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Chipale chofewa chikasungunuka kuno munthu sasiyidwa m'matope. Kaya munakangana naye za malire, kaya anakuphera galu, umamukoka basi, ndipo akafunsa kuti akuthokoze bwanji, umayankha kuti palibe kanthu.

"Mwadzukira kuti lero, alamu? Buledi wakana kufufuma?"

"Ndati agone momwemo! Ali ndi mphamvu zowotcha dziko lonse, koma matope a m'munda mwanga awakanika?"

"Pepani mayi," anatero msilikali uja. "Ndine Pruitt. Sitikanakuvutitsani, koma galimoto yodzatikoka ili kutali."

"Lamulungu tchalitchi chonse chikhala chikunena za inu," anatero Orrin. "Kuti mkazi wa Arvid Tollefson wasiya anthu m'matope. Ine nkhope ndiika kuti?"

Verna anamuyang'ana mpaka Orrin anayamba kukanda m'khosi. Kenako anavula epuloni, natenga makiyi pamsomali, natuluka, ufa uli m'manja momwemo.

Galimoto ya asilikali inali itamira mpaka m'mimba, mphuno italoza kuchipata cha mpanda. Msilikali wina, mtsikana, anali pachiwongolero, nkhope ili yamanyazi. Verna anaima ndi thirakitala kumbuyo kwa galimotoyo, natsika, nakoleka tcheni.

"Mayi," anatero Pruitt, "tikulowera uko, kuchipata. Mukadakoleka kutsogolo."

"Ndikudziwa kumene mukulowera."

Anakwera, naponda moto. Thirakitala inabangula, matope anathovukira Orrin pachifuwa, galimoto inazuka kuti fwaa. Koma Verna sanaime. Anaikoka chafutambuyo choncho, kudutsa munda wonse, mtsikana uja akuliza hutala, Pruitt ndi Orrin akuthamanga pambuyo ngati anthu othamangira basi. Anakaima pamsewu wa tala.

"Zamisala zimenezi!" anakuwa Orrin akupuma wefuwefu. "Akumangani, alamu! Katundu wa boma ameneyu!"

"Andimange! Ndawatulutsa m'matope kapena sindinawatulutse?" Anatembenukira Pruitt. "Iwe mnyamata, tandiuza. Akuluakulu ako aja akutukwanana pa wailesi, alipo mmodzi amene chinthu chimenechi chili kuseri kwa khitchini yake? Alipo? Anachikumbira kuno dala, kwa ife alimi, kuti adani akaponya zawo zigwere pa ife, osati pa iwo. Ine ndakhala ndikukuphikirani khofi mukazizidwa. Mwamuna wanga ankakukokani m'matope mpaka imfa yake. Lero mwana wanga akuti mdzukulu wanga sadzaponda pano. Ndiye ndikukokereni kuchipata, ndikuperekezeni kuntchito? Asa!"

Pruitt anapukuta matope pachipewa.

"Mwana wanu sanalakwe, mayi."

"Wati chiyani?"

"Wanga ali ndi miyezi yochepa. Sabata yatha ndinawakweza ndege ndi amayi ake, apita kwa apongozi ku Georgia. Anzanga ambiri achita chimodzimodzi. Mwina sikuchitika kanthu. Koma usiku ndinkangomuyang'ana akugona, tulo osabwera."

Mkwiyo wa Verna unabweranso, woposa woyamba uja.

"Wamva, Orrin? Wamva? Alonda athawitsa ana awo! Ife amatiitana kuholo, kutipatsa makeke, kutiuza kuti tigone mtima uli m'malo. Awo ana akweza ndege!"

Orrin anangoti kukamwa yasa. Mtsikana wa pachiwongolero anayang'ana kumbali.

Verna anamasula tcheni yekha, naikulunga, naiponya pathirakitala. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti m'mawa womwewo anali atakalipira mwana wake woyembekezera chifukwa chonena zoona.

"Tikuthokozeni bwanji, mayi?" anafunsa Pruitt, mwa mwambo wake.

Orrin anatsegula pakamwa kuti ayankhe kuti palibe kanthu, koma Verna anamutsogolera.

"Kanthu kalipo. Mnzakoyo adikire galimoto. Iwe tiye kunyumba."

Anawalowetsa m'chipinda chaching'ono cha kum'mawa, nsapato zamatope zili kuphazi, chinthu chimene Verna sanalolepo munthu. Kabedi kanali pakona, kakunyezimira mafuta, kabulangete katapindidwa bwino pamwamba.

"Nyamula uko. Orrin, gwira uku. Mukakaike m'galimoto yanga."

"Alamu, ayi," anatero Orrin, mawu atatsika. "Kameneka sikatuluka m'nyumba muno. Ine ndinagonamo. Achimwene anagonamo. Akanakhala moyo..."

"Achimwene ako pogona ali napo kale. Amene akusowa pogona ndi mwana. Gwira."

"Bwanji anyamule yekha msilikaliyu?"

"Onse awiri. Iye ndi amene akulondera chinthucho, iwe ndi ine ndi amene takhala tikuchitcha mnansi. Gwira, ndati!"

Orrin anagwira. Kabedi kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera, ndipo pakhomo kanakana kudutsa mpaka anakapendeketsa. Pruitt anakanyamula mosamala, ngati muli mwana kale. Atakakweza, anavula jekete yake kuti atchinge m'mbali kasakalike, koma Verna anamubwezera.

"Sindifuna nsalu ya nkhondo pamenepo."

Anakafunditsa ndi bulangete la pabedi pake, namanga zingwe. Analowanso m'nyumba kukazimitsa uvuni ndi kutenga chikwama. Podutsa pachipinda chija anaima. Pansi, pamene kabedi kankakhala, matabwa anali atakumbika timizere tiwiri tosalala, pomwe amayi a kwa Tollefson ankagwedezera ana awo. Anatseka chitseko.

"Tirigu tidzala liti?" anafunsa Orrin pawindo la galimoto.

"Dzala iweyo. Ulime mozungulira, suja timatha."

"Mubwera liti nanga?"

"Ukawafunse a pa wailesi aja."

"Mayi," anatero Pruitt, "ife kuchipata kuja tikafika bwanji?"

"Miyendo muli nayo."

Analiza galimoto. Pamsewu wa tala anadutsa mtsikana uja, amene anakweza dzanja, koma Verna sanabweze. Atafika pamene mpanda suonekanso, anaima pambali, naimba foni.

"Britta, usagule kanthu kusitolo. Konza malo pafupi ndi bedi lako, ndili m'njira."