Phiko la Mlombwa

Mu 1958, bwana wachizungu wa zaulimi amene ankayang'anira minda ya thonje ku Golomoti anali ndi kandege kake. Kanali kotengera ndege zopopera mankhwala m'minda, koma kotalika ngati mkono wa munthu. Ankakaulutsa Lamlungu masana, iye ali chiimire pansi, akudina batani pa bokosi la wayilesi. Tsiku lina kanagunda mlambe, phiko lakumanzere n'kuthyoka.

Nthawi yomweyo pasiteshoni ya zaulimiyo pankafunika kalipentala wokhazikika. Mlangizi Dyson anatchula mlamu wake Laston, amene anaphunzira ntchitoyi ku Mua koma tsopano ankangokhoma mabokosi a maliro mwa apo ndi apo. Bwanayo anavomera: akakonza phikolo, ntchito ndi yake. Kenako anapita ku boma ku Dedza.

Laston analandira zidutswa za phikolo n'kuzitembenuzatembenuza. Thabwa lake linali lofewa moti chikhadabo chinkalowa. Anati ogulitsa anamunyenga bwanayo kwawo komweko, chifukwa thabwa lotere chiswe sichichedwa nalo. Iye anaphunzira kuti chinthu cha munthu wolemekezeka chimasemedwa ndi mlombwa, ndipo mmisiri amadziwika ndi kulimba kwa ntchito yake. Mkazi wake Getrude anati mwina chiwale chingachite, poti n'chopepuka. Laston anamuyankha kuti chiwale n'cha zitseko za makola a nkhuku.

Anayeza phiko lakumanja mosamala kwambiri, ndipo latsopano la mlombwalo linafanana nalo ndendende, kutalika ndi kupindika komwe. Analipala, analikwecha, analipaka polishi mpaka munthu n'kudziona nkhope. Dyson atabwera kudzaona, analinyamula m'dzanja.

"Alamu, ili ndi phiko kapena nkhafi? Ndikuuzireni asodzi adzagule?"

"Inu dziwani za mbozi za thonje. Za matabwa tisiyireni eniake."

Dyson anaseka, koma sanalimbikire. Nayenso sankadziwa chimene chimagwira ndege m'mwamba. Laston analumikiza phikolo yekha, ndi zomangira zolimba.

Lamlungu bwanayo anabwerera. Ataona phikolo analiyamikira, koma atanyamula kandegeko anaona kuti kankapendekera mbali imodzi m'manja mwake. Anthu ochokera ku tchalitchi anali atadzaza kale pabwalo, ndipo Laston anaima patsogolo atavala jekete. Bwanayo anawayang'ana onsewo, anayang'ananso phikolo, kenako anati tiyeni tingoona.

Analiza injini n'kukaponya m'mwamba. Kandegeko kanakwera pang'ono, kanakhotera kumanzere. Bwanayo anadina batani, koma iko kanapitiriza kukhota mpaka kanagwa chamutu pafupi ndi nkhokwe ya mbewu. Injini inathothoka, mchira unagwa pawokha, phiko lakumanja linasanduka tizidutswa.

Bwanayo anatola zonsezo n'kuziika m'katoni. Sanakalipe. Anangouza Dyson kuti auze mlamu wakeyo kuti akafuna kalipentala wina ku Dedza. Dyson anamasulira mawuwo monga analili. Laston anavula chipewa n'kuthokoza.

Laston ndi Dyson anayenda limodzi mumsewu wa ku Mtakataka. Atadutsa minda ya thonje, Laston anavula jekete n'kuikoleka paphewa.

"Koma mwaona, alamu? Zonse zija zaphwanyika. Langa lokha lilibe ndi mng'alu womwe."

Dyson anati waona.